Siteshoni Yoyezera Nyengo pa Famu ya Maapozi ndi Mphesa: Ndiyang'ane Manambala Ati?

Funso la mlungu uno lachokera kwa bambo wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito pa famu ya maapozi ndi mphesa ku Elgin, kufupi ndi tauni ya Grabouw, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa. Mwachidule kalata yawo ikuti:

"Chaka chatha anandikweza kukhala kapitawo. Eni famu anaika siteshoni yoyezera nyengo pafupi ndi shedi ndipo anandiikira pulogalamu yake pa foni, koma imaonetsa manambala ambirimbiri moti sindidziwa poyambira. Mu Okutobala kunagwa mvula yowaza kuyambira madzulo mpaka m'mawa, siteshoni inalemba mamilimita 4 okha, ine n'kuona ngati palibe chodetsa nkhawa. Patapita masabata awiri, masamba ndi tizipatso ta maapozi a kumunsi kwa famu zinatuluka mawanga akuda a matenda amene kuno amati fusi, ndipo a manijala anandikalipira kuti manambala ndinali nawo m'manja koma sindinanene kanthu. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Kodi ndiziyang'ana manambala ati? Ndikhulupirire siteshoni kapena ulosi wa nyengo? Nanga n'zoona kuti chipangizochi chingachepetse kupopera ndi kuthirira?"

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo poyamba ndikupempheni kuti mtima ukhale m'malo. Zimene zinakuchitikiranizo zimachitikiranso anthu amene anadutsa m'makoleji a zaulimi, chifukwa ambirife tinakulira m'minda ya chimanga, momwe mvula ikagwa funso la m'mawa limakhala lakuti, kodi yalowa pansi? Mamilimita 4 salowa pansi, choncho maganizo anu anali ndi pogwira. Vuto ndi lakuti matenda a masamba ndi zipatso sadalira madzi amene alowa m'nthaka, koma amadalira kutalika kwa nthawi imene tsamba lakhala lonyowa ndiponso kutentha kumene kunalipo pa nthawiyo. Za sukulu musadandaule nazo, pakuti masamu onse amene ndifotokoze pano ndi ophatikiza, ochotsera, ochulukitsa ndi ogawa basi, ndipo munthu amene amawerengetsa mabini a zipatso ndi maola a antchito tsiku ndi tsiku angathe kuwachita bwinobwino.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri popeza yankho lake ndi lalifupi. Ulosi ndi siteshoni sizipikisana, chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Ulosi, kaya wa South African Weather Service kapena wa mapulogalamu a pa foni, umanena zimene zingachitike mawa ndi mkuja m'dera lalikulu, pamene siteshoni imalemba zimene zachitikadi pamalo pamene yaima, usana ndi usiku. Ulosi ndi umene umakuuzani kuti mukonze thirakitala ndi mankhwala mvula isanafike, ndipo siteshoni ndi imene imakuuzani m'mawa mwake ngati usikuwo unali woopsa kapena ayi. M'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri ngati cha Elgin, ulosi ukhoza kulondola za chigawo chonse koma n'kuphonya famu yanu. Mmene ine ndaonera pa ntchito yanga, phindu lalikulu la siteshoni lili pa maola a usiku, pamene m'munda mulibe munthu woti aone nthawi imene masamba anayamba kunyowa ndi nthawi imene anauma.

Tsopano tibwere ku fusi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanu. Matendawa amayambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Venturia inaequalis, amene amathera nyengo yozizira m'masamba akale oyoyokera pansi pa mitengo. Mitengo ikamayamba kuphukira cha mu Seputembala, timbewu take timakhala titakhwima, ndipo mvula ikanyowetsa masamba akalewo timaulukira m'mwamba n'kukatera pa masamba anthete, pa maluwa ndi pa tizipatso. Kuti kambewu kamere n'kuboola khungu la tsamba, pamafunika kuti tsambalo likhale lonyowa kwa maola angapo mosalekeza. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Cornell ku America, W. D. Mills, anasindikiza mu 1944 tchati choonetsa maola ofunikawo, ndipo mapulogalamu ambiri a masiku ano anachokera pa tchati chimenecho. Malinga ndi iye, kutentha kukakhala pakati pa madigiri 17 ndi 24, maola 9 a kunyowa amakwana kuti matenda alowe, ndipo pa madigiri 10 pamafunika maola 14. Akatswiri ena awiri, MacHardy ndi Gadoury, anaunikanso nkhaniyi mu 1989 n'kupeza kuti nthawiyo ndi yofupikirapo ndi maola pafupifupi 3. Werengani nokha tsono: mvula yowaza ikayamba 5 koloko madzulo, masamba n'kudzauma 9 koloko m'mawa, apita maola 16. Pa madigiri 12 kapena 13 maola amenewo ndi okwana ndi kupitirira, ngakhale m'choyezera mvula mukhale mamilimita 4 okha. Mawanga amaoneka pakapita masiku 9 mpaka 17 malinga ndi kutentha, ndipo masabata awiri amene mwatchula aja akugwirizana ndendende ndi zimenezi. Pulogalamu yanu imasunga zakale, choncho bwererani ku usiku umenewo mukawerenge maolawo, muone ngati sizili momwemo.

Nambala yoyamba imene muziyang'ana m'mawa uliwonse, kuyambira pophukira mpaka masabata angapo maluwa atayoyoka, ndi imene pa pulogalamu imalembedwa kuti leaf wetness, kutanthauza maola amene masamba akhala onyowa, pamodzi ndi kutentha kwapakatikati kwa maola onyowawo. Ngati siteshoni yanu ilibe kachipangizo koyezera kunyowa kwa tsamba, werengani maola amene chinyezi cha mumpweya chinapitirira 90 peresenti, koma dziwani kuti njira imeneyi ndi yongoyerekeza. Masamba akauma kwa maola ochepa kenako n'kunyowanso, nthawi ziwirizo zimaphatikizidwa, chifukwa kambewu sikafa msanga.

Mukawerenga maolawo, chotsatira chimadalira mankhwala amene ali kale pa mitengo. Mankhwala a fusi alipo a mitundu iwiri. Ena amangokuta tsamba kunja, monga captan ndi mancozeb, ndipo ayenera kukhalapo mvula isanagwe. Amenewa amakokoloka ndi mvula yamphamvu, komanso satetezera tsamba limene latuluka pambuyo pa kupopera, ndipo mu Okutobala mtengo umatulutsa masamba atsopano masiku ochepa alionse. Ena amalowa m'kati mwa tsamba n'kupha fangasi amene wangolowa kumene, koma mphamvu imeneyi ili ndi malire: ena amagwira ntchito mpaka maola 24, ena 48, ena 72 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo maolawo amawerengedwa kuchokera pamene kunyowa kunayamba, osati pamene kunatha. Apa m'pamene anthu ambiri amatayira tsiku lathunthu. M'mawa wa tsiku lija, ntchito yanu inali yoti mufike kwa a manijala nthawi ya tiyi isanakwane n'kunena kuti masamba anyowa maola 16 pa madigiri 12, bulokoli (chigawo chimenechi cha munda) linapoperedwa tsiku lakutilakuti, ndipo kuchokera tsikulo kwatuluka masamba awiri atsopano pa mphukira iliyonse. Mawu atatu amenewa ndi okwanira kuti munthu wodziwa mankhwala asankhe chochita. Ndikuchenjezeni kuti mankhwala olowa m'tsambawa asakhale chizolowezi, pakuti fangasi amawazolowera akamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo famu imene yataya mphamvu ya mankhwala amenewa imavutika zaka zambiri.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chandikhudza: siteshoni ili pafupi ndi shedi, koma matenda anabuka kumunsi. Mpweya wozizira umatsetserekera kumalo otsika usiku, nkhungu ndi mame zimakhalitsa kumeneko, ndipo si zachilendo kuti masamba a kumunsi aume mochedwa ndi maola awiri kapena atatu poyerekeza ndi a kumtunda. Ku Elgin zimenezi zimakula chifukwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene ku Cape Town imaomba youma ndipo amaitcha Cape Doctor, kwanuko imaunjika mitambo pa mapiri ndipo nthawi zina imabweretsa mvula yowaza yofanana ndi chiperoni cha kwathu. Komanso denga la malata, khoma ndi bwalo la simenti zimasunga kutentha, moti siteshoni yoyandikana nazo imalemba madigiri okwera ndi chinyezi chotsika kuposa za m'munda. Malo oyenera ndi pabwalo la udzu wofupika, choyezera kutentha chili pa msinkhu wa pakati pa mita 1.25 ndi mamita 2, ndipo mtunda wochokera ku mtengo kapena nyumba ukhale wosachepera kuwirikiza kawiri kutalika kwa chinthucho, kanayi n'kwabwino koposa. Kachipangizo ka kunyowa kwa tsamba ndiye kosiyana: kameneko kayenera kukhala m'kati mwa mtengo weniweni, mbali ya kum'mwera imene kumeneko dzuwa silifikako msanga, m'buloko limene limauma pomalizira. Ngati eni famu sangasunthe siteshoni yonse, apempheni kuti agule tizipangizo ting'onoting'ono tosunga kutentha ndi chinyezi tomangirira pa waya, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi buloko la zipatso zokanidwa.

Ku mipesa, matenda otsatira madzi ndi downy mildew, amene amaoneka poyamba ngati mawanga achikasu a mafuta pamwamba pa tsamba. Anachokera ku North America n'kufika ku France mu 1878, ndipo polimbana nawo ndi pamene katswiri wa kumeneko, Millardet, analengeza mu 1885 mankhwala osakaniza kopa ndi laimu otchedwa Bordeaux mixture. Alangizi amagwiritsa ntchito lamulo losavuta kukumbukira la 10:10:24, kutanthauza mvula ya mamilimita 10 kapena kuposerapo, kutentha kosachepera madigiri 10, zonsezi m'kati mwa maola 24. Zikakwana zimenezi mphukira zili zazitali kale masentimita 10, lembani tsikulo ndipo muyambe kuyendera mizere kuyambira tsiku lachisanu, makamaka masamba a m'munsi ndi malo amene madzi amadikha. Mawanga akangooneka, lamulo limasintha ndipo mvula sifunikanso yambiri. Usiku umodzi wofunda madigiri 13 kapena kuposerapo, wa chinyezi chofika 98 peresenti kwa maola 4 a mdima, umakwana kuti kunsi kwa mawangawo kumere ubweya woyera wodzaza timbewu, ndipo masamba akakhala onyowa maola awiri kapena atatu m'mawa mwake, matenda amafalikira mzere wonse. Nthawi ya maluwa ndi imene tsango limaonongeka mosabwereranso.

Powdery mildew, wa ufa wotuwa uja, ndi wosiyana kotheratu ndipo amasokoneza anthu amene angophunzira kumene za kunyowa kwa tsamba, chifukwa iye safuna mvula. Amakonda mthunzi wa masamba othithikana ndi kutentha kwa pakati pa madigiri 21 ndi 30. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anakonza njira yowerengera ngozi yake yotchedwa Gubler-Thomas, imene mapulogalamu ambiri ali nayo. Kuwerenga kumayamba pakadutsa masiku 3 otsatizana amene tsiku lililonse lakhala ndi maola 6 osadukiza a kutentha kumeneko. Masiku atatuwo amapereka mapointi 60, ndipo kuchokera apo tsiku lotero limawonjezera mapointi 20, tsiku losakwanitsa limachotsa 10, ndipo kutentha kukafika madigiri 35 amachotsanso 10. Mapointi akakhala 30 kapena kutsika, masiku a pakati pa kupopera akhoza kutalikirako malinga ndi malire olembedwa pa chigubu, koma akafika 60 muyenera kuwafupikitsa. Njirayi inakonzedwera nyengo ya ku California, choncho muitenge ngati chenjezo lokutumani kukasuzumira m'kati mwa masamba, osati chigamulo. Za kuola kwa matsango kotchedwa botrytis ndingonena mwachidule kuti maola pafupifupi 15 a kunyowa pa madigiri 15 mpaka 20, nthawi ya maluwa kapena mphesa zikamapsa, ndi oopsa, ndipo kuthothola masamba ozungulira matsango kuti mphepo idutse kumathandiza kuposa kuwonjezera mankhwala.

Nambala yachiwiri ya tsiku ndi tsiku ndi mphepo, ndipo imeneyi ili m'manja mwanu ndithu chifukwa oyendetsa mathirakitala amamvera inu. Kupopera kumayenda bwino mphepo ikamathamanga makilomita 3 mpaka 15 pa ola. Ikapitirira apo mankhwala amathera kwa oyandikana nawo, m'damu kapena ku nyumba za antchito. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bata lenileni nalonso ndi loopsa: usiku wopanda mitambo ndi mbandakucha, mpweya wozizira umagona pansi pa wofunda, ndipo timadontho ting'onoting'ono timayandama mu mpweyawo n'kutsetsereka mtunda wautali osatera pa masamba. Ngati pulogalamu yanu ili ndi nambala yotchedwa Delta T, imene imaonetsa msanga umene dontho limaumira, yabwino ndi ya pakati pa 2 ndi 8, ndipo ikadutsa 10 madontho ambiri amauma asanafike pa tsamba. Sulufule asapoperedwe tsiku limene kutentha kukupitirira madigiri 30, chifukwa amawaula masamba ndi mphesa.

Nambala yachitatu ndi ETo, ndipo imeneyi ndiyo imayankha funso lanu la kuthirira. Siteshoni imaphatikiza kuwala kwa dzuwa, kutentha, chinyezi ndi mphepo n'kuwerengera madzi amene udzu wofupika wothiriridwa bwino ukanataya tsiku limenelo, potsatira njira ya Penman-Monteith imene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linaikhazikitsa mu 1998. Nambalayo imachulukitsidwa ndi ina yoimira mbewu yanu pa msinkhu umene yafika. Ya maapozi a masamba odzaza, malinga ndi FAO, ili pafupifupi 0.95, ndipo ya mphesa za vinyo ili pafupifupi 0.7. Tiyerekeze kuti tsiku lina la mu Januwale ETo yafika mamilimita 6. Maapozi ataya mamilimita 5.7, ndipo popeza milimita imodzi pa hekitala ndi malita 10,000, amenewo ndi malita 57,000 pa hekitala tsiku limodzi. Mlungu wonse ukakhala wotero ndiye pafupifupi mamilimita 40, ndipo ngati mipopi yanu imatulutsa mamilimita 4 pa ola, mukufunika maola 10 pa mlungu, kuchotsapo mvula imene yalowadi m'nthaka. Mlungu wa mitambo, ETo ikatsikira pa 3 kapena 4, kuthirira maola 10 omwewo ndi kutaya madzi, magetsi ndi feteleza amene amasefukira pansi pa mizu.

Manambala a FAO ndi poyambira chabe, chifukwa mitengo ing'onoing'ono, maneti ndi kuthirira kodontheza zimawatsitsa, ndipo mphesa za vinyo nthawi zambiri zimamanidwa madzi dala pang'ono zipatso zikamangika kuti zisakule kwambiri. Umboni weniweni uli m'nthaka, choncho yerekezani masamu anu ndi zoyezera chinyezi zokwiriridwa pansi, ndipo kamodzi pa nthawi kumbani dzenje pambali pa mtengo, mufinye dothi la pa mizu m'manja. Nthambi ya zaulimi ya Western Cape inayambitsanso chithandizo chotchedwa FruitLook, chimene chimaonetsa kuchokera ku setilaiti madzi amene buloko lililonse lagwiritsa ntchito pa mlungu. Amene analipo pa chilala cha 2015 mpaka 2018 akuuzani kufunika kwa masamu amenewa. Alimi ambiri a m'chigawocho anadulidwa madzi ndi 60 peresenti, ndipo mu Febuluwale 2018, mzinda wa Cape Town ukuopa kuti mipopi iuma, alimi a kwanu komweko ku Elgin ndi Grabouw anatsegula damu la Eikenhof n'kupereka malita pafupifupi 10 biliyoni. Chaka chotero famu imene imadziwa buloko lofuna madzi ochuluka ndi lofuna ochepa ndi imene imapulumutsa mitengo yake.

Zinazi si za m'mawa uliwonse, koma zili ndi nyengo zake. Mbozi yoboola maapozi, ya kagulugufe kotchedwa codling moth, imakula motsatira kutentha, ndipo pansi pa madigiri 10 kukula kumaima. Kuti mudziwe kutentha kumene kwaunjikana, phatikizani kutentha kwapamwamba ndi kwapansi kwa tsikulo, gawani pawiri, chotsani 10. Tsiku la madigiri 26 masana ndi 12 usiku limapereka 9, pamene la 18 ndi 8 limapereka 3 okha. Kuchokera tsiku limene misampha yayamba kugwira agulugufe motsatizana, mazira amayamba kuswa manambalawa akaunjikana kufika cha m'ma 120 mpaka 140, ndipo n'chifukwa chake chaka chofunda ndi chaka chozizira zimasiyana ndi masabata pa tsiku loyenera kupopera. Mbozi ikangolowa m'chipatso, mankhwala saipezanso. Ngati famu yanu imapachika tizingwe ta fungo losokoneza agulugufe aamuna, misampha imagwira ochepa, ndipo tsiku loyambira kuwerenga mulifunse kwa mlangizi wa m'deralo.

M'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti siteshoni imawerenga kuzizira kumene mitengo yalandira ili m'tulo. Njira ya Utah ya 1974 imapereka pointi yathunthu pa ola lililonse la madigiri a pakati pa 2.5 ndi 9, ndipo imachotsa mapointi kukatentha kupitirira 16. Ku South Africa anaisintha pang'ono kuti tsiku lofunda lisafufute kuzizira kwa masiku a m'mbuyo. Elgin salandira kuzizira kofanana ndi dera la Koue Bokkeveld kumtunda kwa tauni ya Ceres, ndipo chaka chimene mapointi aperewera maapozi amaphukira mosiyanasiyana, nthambi ina ili ndi maluwa ina idakagona. Manambala amenewa ndi amene a manijala amaonera posankha mphamvu ndi tsiku la mankhwala odzutsa mitengo. Za chisanu cha mu Seputembala, kumbukirani kuti maluwa a maapozi otseguka amayamba kufa pa madigiri 2 pansi pa ziro ndipo pa 4 pansi pa ziro amatha pafupifupi onse, komanso kuti mphukira ya m'munsi m'chigwa imazizidwa kuposa zimene siteshoni ya kumtunda ikulemba. M'chilimwe vuto ndi kupsa kwa zipatso ndi dzuwa: khungu la apozi loyang'ana dzuwa likhoza kutentha madigiri 10 kapena kuposerapo pamwamba pa mpweya, ndipo limayamba kufiira likafika pa 46 mpaka 49. Ulosi ukamanena za madigiri 33 kapena 35, onetsetsani kuti nthaka ili ndi chinyezi dzulo lake, musadulire nthambi mlungu umenewo, ndipo mabini odzaza asakhale padzuwa, makamaka a maapozi a mtundu wa Granny Smith ndi Golden Delicious.

Zonsezi zimagwa ngati siteshoni ikunama, ndipo siteshoni yosasamalidwa imanama mwakachetechete. M'kati mwa choyezera mvula muli kasupuni kopendekeka kamene kamakhuthula madzi akakwana mamilimita 0.2, ndipo kangaude mmodzi, zitosi za mbalame kapena tsamba lotseka kabowo zimakwana kuti mvula yonse isalembedwe. Tsegulani muyang'anemo kamodzi pa mwezi, pukutani galasi loyezera dzuwa ndi solala, tsukani kachipangizo ka kunyowa kwa tsamba chifukwa mankhwala opopera amakakuta, ndipo imikani choyezera mvula wamba cha pulasitiki pambali kuti muzifananitsa. Mukaona mzere wa pa pulogalamu wawongoka osasintha kwa maola ambiri, kapena chinyezi chakakamira pa 100 masana dzuwa likuswa mtengo, musadalire manambala a tsikulo mpaka amene anaika siteshoniyo abwere.

Kodi chipangizochi chichepetsa kupopera? Yankho langa loona ndi lakuti zaka zina inde, zaka zina ayi. Chaka chouma mukhoza kudumpha maulendo angapo popanda ngozi, koma chaka cha mvula yowaza siteshoni yomweyo ikuuzani kuti mupopere kawirikawiri kuposa mmene kalendala inanenera. Chimene chimasintha motsimikizika ndi kulondola kwa tsiku, ndipo ine ndimaona kuti phindu limenelo ndi lalikulu kuposa ndalama za mankhwala opulumutsidwa. Pa madzi ndiye kupulumutsa kumaoneka msanga. Sindingakulangizeni kuti chaka chino chomwe muyambe kudumpha kupopera podalira pulogalamu. Yambani ndi kabuku ka m'thumba: tsiku lililonse lembani maola onyowa ndi kutentha kwake, mvula, ETo, mphepo pa nthawi yopopera, msinkhu umene mitengo yafika m'buloko lililonse, ndi zimene maso anu aona. Nyengo imodzi ikatha, kabukuko kadzakuonetsani mabuloko amene amatsogola kudwala ndi kusiyana kwawo ndi siteshoni, zinthu zimene palibe pulogalamu ingakuuzeni.

Udindo wosankha mankhwala usakhale pa inu nokha. Zipatso za ku Elgin zambiri zimapita kunja, ndipo misika imeneyo ili ndi malire a mankhwala otsalira pa chipatso komanso masiku oyenera kudutsa pakati pa kupopera ndi kukolola. Lamulo la dzikolo, Act 36 ya 1947, limalola kugwiritsa ntchito mankhwala olembetsedwa okha, motsatira zolembedwa pa chigubu. Choncho kusintha kulikonse kudutse kwa a manijala ndi kwa mlangizi wa famu kapena wa kumalo opakira zipatso. Mukaona matenda akupitirira ngakhale munapopera pa nthawi yake, pemphani kuti makina opopera ayezedwe kaye, ndipo ngati ali bwino, masamba odwalawo atumizidwe kukapimidwa, chifukwa n'kutheka kuti fangasi wazolowera mankhwala. Bungwe la kafukufuku la ARC Infruitec-Nietvoorbij ku Stellenbosch, alangizi a boma a ku Elsenburg, komanso mabungwe a alimi a Hortgro ku mbali ya maapozi ndi Vinpro ku mbali ya mphesa za vinyo, ndi malo oyenera kufunsako, ndipo funsaninso ngati eni famu angakutumizeni ku maphunziro afupiafupi a kuthirira ndi kupopera.

Chomaliza chikukhudza anthu amene mukuwayang'anira. Mankhwala odzutsa mitengo a hydrogen cyanamide, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Dormex, amawotcha khungu ndipo amadana koopsa ndi mowa, moti amene wawagwira asamwe mowa tsiku lisanafike lopopera, tsiku lenilenilo ndi tsiku lotsatira. Masiku otentha kwambiri sunthirani ntchito yolemera m'mawa ndipo madzi akumwa akhale pafupi. Wantchito aliyense akayamba chizungulire, kusanza, kufiira nkhope, kubanika kapena kuthamanga mtima atapopera, muvuleni zovala zonyowa, asambe ndi madzi ambiri, ndipo mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo mutajambula pa foni chigubu cha mankhwalawo kuti a dokotala aone dzina lake.